Kodi Mayankho a Agogo Amathera Kuti?

Anzanga, pali funso limene landikhala pamtima, ndipo ndikuona kuti nanunso palibe anakumasuliraniko. Tikamva pa wailesi kuti ntchito yakutiyakuti yothandiza anthu ovutika yayenda bwino kwambiri, kodi wolankhulayo amakhala atadziwa bwanji? Anaona ndi maso ake? Anachita kuuzidwa? Anamuuza ndani? Nanga womuuzayo anapita kukaona, kapena nayenso anachita kumva? Akuti pali akatswiri amene ntchito yawo ndi kafukufuku, ena ntchito yawo ndi kauniuni, ena ndi kutsogolera onsewa. Ndavomera. Koma banja likamati moyo wathu wasintha, kusinthako amakuyeza ndi chiyani?

Tiyeni titenge chinthu chimene tonse tikuchidziwa, Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006 mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo pofika 2018 inali itafalikira m'maboma onse 28. Ndalama zake zimapita kwa mabanja ovutikitsitsa amene alibe anthu okwanira amphamvu zogwirira ntchito: agogo olera zidzukulu, odwala matenda a mgonagona, anthu aulumali, ana olera ana anzawo. Kwa zaka zambiri lamulo lake linali lakuti alandire ndi mabanja 10 pa 100 alionse. Koma ofesi yowerenga anthu ya ku Zomba itachita kafukufuku wake wa 2019 mpaka 2020, inapeza kuti theka la a Malawi ndi osauka, ndipo anthu 20 pa 100 alionse ndi ovutikitsitsa. Tsono 10 uja anachokera kuti? Anachokera pa kuwerenga osauka, kapena pa kuwerenga ndalama zimene zinalipo? Kodi umphawi umagwa mofanana ku Nsanje ndi ku Rumphi?

Ambiri a ife tinaonapo mmene kalembera amachitikira. Mnyamata waulemu amafika pakhomo atanyamula tabuleti kapena mulu wa mafomu. Agogo amamuyalira mphasa pakhonde, iwo n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. "Agogo, dzulo munadya kangati?" Agogo amayamba ayang'ana kumbali. "Kamodzi, mwanangu." "Muli ndi mbuzi zingati? Nanga nkhuku? Wailesi ilipo? Bulangete alipo angati? Ana ogona m'nyumba muno ndi angati? Makolo awo ali kuti?" Pa funso lomalizali agogo amakhala kaye chete, kenako n'kuloza kumanda. Mnyamata amadina pa tabuleti, n'kupita pa funso lotsatira. Dzuwa limapendeka, nkhuni sanatole, madzi sanatunge. Pomaliza amathokozana, mnyamata n'kulowera khomo lina. Agogo apereka zonse za m'nyumba mwawo, mpaka za kumanda zomwe. Iwo atsala ndi chiyani?

Akuti asanayambe kufunsa, wofunsa amayenera kuwauza agogo kuti ali ndi ufulu wokana, ndiponso kuti kuyankha sikutanthauza kuti alandira kanthu. Lamulo labwino ndithu. Koma munthu amene wagona ndi njala angakane kuyankha mlendo amene mwina wabwera ndi mndandanda wa olandira? Nanga akaganiza kuti kutchula mbuzi kumuchotsetsa pa mndandandawo, mbuziyo aitchula? Akaganiza kuti kunena kuti anadya kawiri n'kudzitsekera mwayi, anena kawiri? Sindikuti agogo ndi abodza. Ndikuti njala imaphunzitsa munthu kusamala pakamwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga wofunsa amene akuyankhidwa mwamantha, amadya chiyani?

Musaganize kuti ndikunyoza kafukufuku. Ayi ndithu. Kafukufuku weniweni alipo, ndipo wina anachitikira kwathu konkuno. Mu 2007 ndi 2008 a Boston University pamodzi ndi a Centre for Social Research a ku University of Malawi anaunika Mtukula Pakhomo ku Mchinji. Kuyambira 2013 mpaka 2015 a University of North Carolina, a Centre for Social Research omwewo ndi a UNICEF anatsatira mabanja oposa 3,000 ku Salima ndi ku Mangochi. Njira yawo ndi yomwe ija ya mlangizi wa zaulimi pa munda wachitsanzo: mizere iyi athira feteleza, iyo sathira, mvula ndi imodzi, nthaka ndi imodzi, ndiye pokolola aliyense amadzionera yekha. Nawonso anagawa midzi mwa maere. Midzi ina inayamba kulandira, ina inadikira, ndipo mabanja a mbali zonse anafunsidwa mafunso ofanana ndalama zisanayambe, pakati, ndi pomaliza. Nzeru yosavuta chonchi, mlimi aliyense angaimvetse. Bwanji tsono amaikamba ngati chinsinsi cha anthu ophunzira okhaokha?

Komabe mtima wanga umatsalira kwa odikira aja. Nawonso anali ovutikitsitsa, nawonso analembedwa. Katatu konse anafunsidwa za njala yawo, pomwe anzawo a tsidya la mtsinje akulandira. Akatswiri amati ndalama sizikanakwanira kuyamba paliponse tsiku limodzi, ndipo maere sakondera ngati mmene angakonderere munthu. Zimenezo n'zomveka. Amatinso popanda odikirawo sitikanadziwa ngati kusintha kwabwera ndi ndalama kapena ndi mvula yabwino ya chaka chimenecho. Zimenezonso n'zomveka. Ndiye kuti odikirawo anagwirira ntchito dziko lonse ndi kudikira kwawoko. Alipo anapita kukawauza zimenezi? Alipo anakawathokoza?

Zimene anapeza n'zoti munthu aliyense azimve. Mabanja olandira anayamba kudya kangapo pa tsiku, ndipo nkhawa ya chakudya inachepa. Anagula nkhuku, mbuzi, makasu ndi zikwanje. Ana ambiri analowa sukulu, osiya sukulu anachepa. Ku Mchinji kunaonekanso kuti anthu anachepetsa kukhalira ganyu m'minda ya eni ake. Nanga nkhani ija yakuti osauka ukawapatsa ndalama angomwera kachasu? Ofufuza a World Bank, David Evans ndi Anna Popova, anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri a mu Africa, Asia ndi Latin America, ndipo anapeza kuti ndalama zoterezi siziwonjezera kugula mowa ndi fodya. Zimenezi zinadziwika kalekale. Koma kwerani minibasi lero, mumva wina akuti ndalamazi zikulimbikitsa ulesi, anthu n'kumavomereza. Kodi olakwa ndi okwera minibasi? Ngati yankho linapezeka, anayenera kutifikitsira ndani?

Pali chinanso chimene anapeza. Kuchuluka kwa ndalama n'kofunika. Amene akhala akuunika ndondomeko zotere mu Africa amati ndalamazo zimasintha moyo moonekera zikafika pafupifupi 20 pa 100 ya zimene banja limagwiritsa ntchito. Kuno kwathu ndalama za Mtukula Pakhomo zinakwezedwa mu 2015, kafukufuku wa ku Salima ndi Mangochi ali mkati, ndipo phindu linaoneka kwambiri pambuyo pake. Koma kuchokera nthawi imeneyo kwacha yagwa kangapo. Mu 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, mu 2023 ndi 44 pa 100. Mtengo wa thumba la chimanga, wa sopo, wa mchere, nonse mukuudziwa. Ndiye munthu akaimirira lero n'kunena kuti kafukufuku anaonetsa kuti ndondomekoyi imathandiza, akunena ndalama za liti? Kodi kafukufuku sakalamba?

Ku Zomba kunachitika kafukufuku wina amene amatchulidwa m'masukulu a ukachenjede a maiko akutali. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anatsatira atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Ena ankalandira ndalama, iwo ndi makolo awo, pokhapokha akamapita kusukulu. Ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Ena sankalandira. Olandira mwa lamulo anajomba pang'ono ndipo anachita bwino pa mayeso a kuwerenga Chingerezi. Koma pa nkhani ya mimba ndi maukwati, amene anapewa kwambiri anali olandira popanda lamulo aja, makamaka amene anasiyira sukulu panjira. Chifukwa chake n'chomveka. Mtsikana wolandira mwa lamulo akasiya sukulu, ndalama zinkaduka pa nthawi yomwe ankazifunitsitsa, pomwe mnzake uja ankalandirabe. Ndiye njira yabwino ndi iti? Timafuna mtsikana akhale m'kalasi, kapena asakwatiwe ali mwana? Ngati tikufuna zonse ziwiri, wosankha ndani, wofufuza kapena mtsogoleri?

Ofufuzawo anachita chinthu chimene ambiri sachita: anabwereranso. Patadutsa zaka zoposa ziwiri ndalama zitasiya, anakawafunafuna atsikana aja. Anapeza kuti zabwino zambiri zinali zitazimirira. Olandira popanda lamulo aja, ndalama zitangotha, ambiri anakwatiwa ndi kutenga mimba, n'kufanana ndi anzawo amene sanalandirepo. Zina zinatsalako ndithu. Atsikana amene anali atasiya kale sukulu n'kubwereranso chifukwa cha ndalamazo anaphunzira zaka zoonjezera ndipo anachedwerako kukwatiwa. Ana obadwa kwa olandira popanda lamulo, pa nthawi imene amayi awo ankalandira, anakula bwino msinkhu. Taganizani tsono, akanalekera pa lipoti loyamba lija, bwenzi dziko likukhulupirira chiyani? Nanga ntchito zambirimbiri zimene zikwangwani zawo zikuchita dzimbiri m'mphepete mwa misewu yathu, ndi zingati zimene wina anabwerako patatha zaka ziwiri?

Mwina mukuti, kuthandiza munthu ndi mtima wabwino sikungalakwike, ndiye kuyezeranji? Nanenso mtima wanga umafuna kutero. Koma imvani za ku America. M'zaka za m'ma 1930, m'matauni a Cambridge ndi Somerville ku Massachusetts, dokotala wina, Richard Cabot, anayambitsa ntchito yoteteza anyamata kuti asalowe m'moyo wa umbanda. Anyamata pafupifupi 500 anagawidwa pawiri mwa maere. Gulu limodzi linapatsidwa alangizi owayendera kunyumba kwa zaka pafupifupi zisanu, thandizo la maphunziro, la chipatala, ndi maulendo a pa tchuthi. Gulu linalo silinapatsidwe kanthu. Patatha zaka 30, mayi wina wofufuza, Joan McCord, anawalondola onse, ndipo mu 1978 anafalitsa zimene anapeza. Othandizidwa aja sanapose anzawo. Pa zinthu zina, monga uchidakwa, kubwereza milandu ndi kufa msanga, ndiwo anali pambuyo. Alangizi aja sanali anthu oipa, anagwira ntchito ndi mtima wonse. Ngati mtima wabwino pawokha sukwanira, ife timadziwa bwanji kuti ntchito zathu za mtima wabwino sizikupweteka wina?

Chodabwitsa kwambiri pa nkhani imeneyi ndi ichi. Amuna aja atafunsidwa, ambiri anati ntchitoyo inawathandiza, ndipo alangizi awo ankawakumbukira mwachikondi. Pakamwa pankatuluka zikomo, pomwe mabuku a kukhoti ndi a kuchipatala ankanena zina. Tsono kwathu kuno, alendo akabwera ndi galimoto kudzaona ntchito, chimachitika n'chiyani? Amayi amavala zitenje zofanana, nyakwawa imalankhula, gule amavinidwa, munthu mmodzi amene zinamuyendera bwino amaimiritsidwa kuti apereke umboni. Amene mbuzi yake inafa, kapena amene dzina lake linasowa pa mndandanda, amakhala kumbuyo kapena sabwera n'komwe. Ndi ulemu wathu, sitinyoza mphatso pamaso pa wopereka. Ndiye alendowo akamabwerera ali okhutira, amakhala ataona ntchito kapena aona ulemu wathu?

Alipo munthu mmodzi amene anthu samuvinira, ndipo chifukwa cha chimenecho amamva zoona. Ndi wa zachisamaliro cha anthu uja wa ku boma, pamodzi ndi anzake oteteza ana m'midzi. Mwana akagwiriridwa, ndiye amayenda naye kupolisi ndi kuchipatala. Mwana akapalamula, ndiye amalemba lipoti lopita kukhoti, monga mwa lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Mtsikana akakwatiwitsidwa asanakwane zaka 18, zimene lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 2017 zinaletsa, ndiye amakakambirana ndi ankhoswe ndi amfumu. Amayendera sukulu za mkombaphala. Pa tsiku lolandira Mtukula Pakhomo amakhalapo, n'kumamva madandaulo a amene chala chawo chadindidwa ndi a amene abwerera chimanjamanja. Amadziwa khomo limene ndalama amalanda ndi mdzukulu, ndi khomo limene zinagula malata. Ngati kafukufuku ndi kufunafuna zoona, bwanji munthu ameneyu sitimutcha wofufuza?

Talowani mu ofesi yake muone. Pa tebulo pali kope lachikuto cholimba, m'mphepete mwake mutada ndi thukuta la m'manja. Tsamba lililonse ndi munthu: tsiku, mudzi, zaka, vuto, zimene zachitidwa. Mzere womaliza, wa mmene nkhani inathera, nthawi zambiri umakhala wopanda kanthu. Panja pali njinga yamoto yopanda mafuta. Mwezi ukatha amatenga fomu ya lipoti n'kudzaza: misonkhano ingati yachitika, anthu angati afikiridwa, ana angati achotsedwa m'maukwati. Manambala amapita kwa bwana, bwana amaphatikiza ndi a madera ena, n'kutumiza ku Lilongwe. Koma kufikira munthu ndi kumuthandiza n'chimodzimodzi? Mtsikana amene tamuchotsa m'banja mu Janyuwale timamuwerenga. Nanga mu Juni ali kuti? Ali m'kalasi? Anabwerera kwa mwamuna uja? Anathawira m'tauni kukagwira ntchito ya m'nyumba? Bwanji fomu ili ndi malo a Janyuwale koma ilibe malo a Juni?

Sikuti anthuwa sanaphunzire. Ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, kwaphunzitsidwa alangizi a zachisamaliro cha anthu ndi a zachitukuko kwa zaka zambiri. Ku Catholic University ku Nguludi ndi ku University of Malawi ku Zomba achinyamata amatenga madigiri a ntchito yomweyi. Amaphunzira njira za kafukufuku, amapita m'midzi, amalemba mabuku awo omalizira maphunziro. Mabuku amenewo amawerenga ndani pambuyo pa aphunzitsi awo? Akamaliza, ambiri ntchito yoyamba imene amapeza ndi ija ya mnyamata wa tabuleti, ya masabata ochepa, kufunsa mafunso amene analemba ndi munthu wina. Amadziwa kuti funso ili silimveka bwino m'Chiyao, kuti ili agogo sangayankhe mpongozi ali pomwepo, kuti ili likufunsidwa nyengo yolakwika chifukwa njala ya Febuluwale si ya Meyi. Alipo amawafunsa zimenezi mafomu asanasindikizidwe? Munthu amene waphunzira kufunsa mafunso, adzayamba liti kufunsa akeake?

Kapena kafukufuku amafuna ndalama zambiri ndi makompyuta? Wamkulu amafunadi. Koma mu 1899 Seebohm Rowntree ndi omuthandiza anayenda khomo ndi khomo mu mzinda wa York ku England, mabanja oposa 11,000, ali ndi pensulo ndi pepala. Anapeza kuti anthu oposa kota ya mzindawo anali mu umphawi, ndipo ambiri mwa osaukitsitsa anali m'mabanja a anthu ogwira ntchito tsiku ndi tsiku koma olandira malipiro osakwanira. Zimenezi zinagwedeza anthu amene ankati umphawi ndi ulesi. Mu 1917 Mary Richmond wa ku America anatulutsa buku lotchedwa Social Diagnosis, limene linathandiza kuti ntchito yosamalira anthu ikhale ntchito yophunziridwa, ndipo analimanga pa zolemba za tsiku ndi tsiku za ogwira ntchito ngati wathu uja. Ndiye kuti kope lachikuto cholimba lija si chinthu chachabe. Luso lake ndi lodziwika: lemba zimene wapeza, bwererako patapita miyezi, werenga onse kuphatikizapo amene asowa, yerekeza ndi amene sanathandizidwe, usabise zimene zakukhumudwitsa. Chovuta pamenepa n'chiyani? Ndalama ya msonkhano wa kunyanja ndi alawansi yake imapezeka bwanji, pomwe ya malita ochepa a mafuta obwererera kwa mtsikana uja ikusowa?

Apa ndiye pafika pa utsogoleri. Tinene kuti mlangizi wachinyamata wachita zonsezi. Wabwerera m'midzi, wawerenga, ndipo wapeza kuti ntchito imene ofesi yake imanyadira sikuphula kanthu. Wagogoda pa chitseko cha bwana wake. "Bwana, pepani, ndapeza kuti atsikana ambiri amene tinawabwezera kusukulu asiyanso." Bwana amayankha kuti chiyani? Amati khala pansi undifotokozere? Kapena amati, "Achimwene, zimenezi musalembe, mutiyambanitsa ndi otithandiza"? Mlangiziyo akadzudzulidwa kamodzi, adzabweretsanso nkhani yoipa? Nanga anzake amene aona? Bwana amene amalandira nkhani zabwino zokhazokha, amadziwa bwanji nthawi yokonza zinthu?

Mantha a bwana nawonso ali ndi pochokera. Ndalama zambiri za Mtukula Pakhomo zakhala zikuchokera kunja: ku Germany, ku European Union, ku Ireland ndi ku World Bank, pomwe boma lathu kwa nthawi yaitali linkalipira boma limodzi la Thyolo. Tiyenera kuthokoza, pakuti mabanja ambiri adya chifukwa cha thandizoli. Koma wopereka ndalama ndiye amaitanitsa lipoti. Ndiye amanena tsiku lake, mafunso ake, ndi chilankhulo chake. N'chifukwa chake malipoti amalembedwa m'Chingerezi, masamba mazanamazana, n'kuikidwa pa intaneti. Agogo aja alibe foni ya intaneti. Mlangizi uja alibe nthawi kapena bandulo yotsitsira buku lalikulu chotero. Phungu wa dera lawo, khansala, gulupu, onsewa analiwerenga? Lipoti lonena za anthu, limene anthuwo sangathe kuliwerenga, mwini wake ndani?

Ndimadabwanso ndi mmene timakwezera anthu pa ntchito. Mlangizi akagwira bwino ntchito m'midzi timamupatsa ofesi ku boma. Akagwiranso bwino timamupititsa ku likulu. Kukwera kulikonse kumamutalikitsa ndi khonde la agogo, ndipo m'malo mwa anthu amayamba kuona manambala okhaokha. Alipo amamuphunzitsa kufunsa manambalawo kuti achokera kuti? Amadziwa kusiyanitsa lipoti loyeza ndi lipoti lotamanda? Akauzidwa kuti ana ambiri abwerera kusukulu, amafunsa kuti poyerekeza ndi ati, ndipo akhalako mpaka liti? Tamvapo atsogoleri ambiri akutsegulira ntchito zatsopano, maliboni akudulidwa. Inu munamvapo mtsogoleri ataimirira pagulu n'kunena kuti, "Ntchito iyi tinaiyesa, tayeza, sikuthandiza, ndalama zake tiziika kwina"? Munthu wotero tingamuone ngati wolephera, kapena ndiye mtsogoleri amene takhala tikumusowa?

Kubweza mayankho kwa eni ake sikuoneka kovuta. Pa tsiku lolandira, anthu amakhala atasonkhana kale pa bwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo, ndipo amadikira nthawi yaitali. Mlangizi angathe kuimirira n'kunena m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'Chisena kuti, "Amayi ndi abambo, mafunso aja munayankha, zimene tinapeza ndi izi." Mawailesi a m'madera alipo, mafumu amachititsa misonkhano, mipingo ndi mizikiti imalengeza zinthu sabata iliyonse. Ndipo anthu akamva sangangoombera m'manja. Agogo ena adzakweza dzanja. "Mwanangu, mwati tagula mbuzi, n'zoona, koma chaka cha chigumula zinapita ndi madzi." Ena adzati, "Mwati ana akupita kusukulu, koma yunifolomu ikang'ambika amakhala pakhomo." Pamenepo kafukufuku waonongeka kapena wakonzeka? Amene anapereka mayankho, si iwo angadziwe msanga pamene wolemba waphonya?

Sindikupempha zachilendo. Ndikupempha kuti fomu ya mwezi ikhale ndi malo olembapo mmene munthu alili patapita miyezi. Kuti pa ndalama za kafukufuku aliyense pakhale gawo la ulendo wobwerera kukauza amene anafunsidwa. Kuti mlangizi wa kumudzi aloledwe kukhala ndi funso lake, ndipo akabweretsa yankho lowawa asaopsezedwe ndi kusamutsidwa. Kuti okwezedwa pa udindo aphunzitsidwe kukayikira lipoti lokoma kwambiri. Zonsezi sizifuna lamulo latsopano ku Nyumba ya Malamulo, sizifuna nyumba yatsopano, ndipo zina sizifuna ngakhale tambala. Wofufuza adzati ndi udindo wa unduna. Unduna udzati ndalama zake sanaike otithandiza. Otithandiza adzati boma silinapemphe. Mlangizi adzati akudikira bwana. Nanga ife anthu wamba, amene misonkho yathu ndi maina a makolo athu zili m'ntchito zimenezi, tikudikira ndani kuti tiyambe kufunsa?